Mwendo Uja Unapola?

Dzina limene lili pa masatifiketi anga onse si langa. Ndi la achimwene anga, amene anamwalira ali Sitandade 7. Anadzitema ndi khasu pamwendo m'dimba lathu la mpunga ku Domasi, bala lija n'kulowa kafumbata. Ine nditalemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, amalume, amene anali mphunzitsi, anati obwerezabwereza sawaona bwino posankha opita kusekondale, ndikalembe kwina ngati munthu watsopano. Dzina linalipo kale, lopanda mwini. Ndinasankhidwa nalo, ndinaphunzira nalo kusekondale yogonera konko, koma pakhomo pathu silinkatchulidwa. Ndikatsika basi pa Songani ndinkalisiya pomwepo.

Ndiye m'zaka za m'ma 80 muja kunabwera kalata yondiitana ku intaviyu ya koleji ya uphunzitsi. Amalume anati, "Iwe ndi manyazi akowo akakubweza usanakhale pansi. Tiyeserere."

Anaika tebulo ndi mipando iwiri pakhonde, masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndikadikire kuseri kwa nyumba, iwo aitane, ndibwere, ndigogode pansanamira, ndisakhale mpaka atandiuza. Zimenezo zinali zapafupi. Koma amalume anaitana dzina lija, lonse lathunthu, mokweza.

Amayi ankasinja mpunga pabwalo. Munsi unaima m'mwamba. Galu wathu, nkhalamba imene achimwene analera kuyambira ili kamwana, yosaonanso bwino, anadzambatuka pansi pa nkhokwe n'kuthamangira kanjira kopita kudimba. Anakaima pamenepo akugwedeza mchira, kuyang'ana pamene panalibe munthu.

"Ukuchedwa!" anakuwa amalume. Ndinabwera, ndinagogoda, ndinakhala.

"M'banja mwanu ndiwe wachingati kubadwa?"

"Wachiwiri."

Anamenya tebulo. "Wachisamba! Mapepala akuti iwe ndiwe woyamba, ndipo chaka chobadwa ndi chakecho. Ukanena wachiwiri akufunsa kuti woyamba ali kuti, dzina lake ndani. Uyankha chiyani?"

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinati, "Amalume, ndatopa nako kukhala munthu wakufa!"

"Ndiye kalime mpunga ndi dzina lako," anatero osakweza n'komwe mawu. Malo a kukoleji ndinkawafuna koopsa, ndipo analembedwa m'dzina limenelo basi.

Tinachita zimenezi milungu iwiri. Tsiku lililonse dzina likaitanidwa, galu uja ankadzuka kupita pakanjira paja. Ndinamugenda, ndinamumanga chingwe, ankangolira ali chiyang'anire komweko. Amayi anayamba kutulutsa makapu anayi a tiyi pamene tinali atatu. Amalume ankangokankhira kapu inayo pambali. Ine ndinkachita mantha, ndipo ndinkakwiya kuti ndikuchita mantha dzuwa lili pamutu.

Tsiku la intaviyu ndinapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo. Awiri anandifunsa m'Chingerezi, ndipo ndinayankha ngati ndikuimba nyimbo: ndine woyamba kubadwa, ndimakonda ana, ndikufuna kutumikira dziko. Wachitatu, bambo wa imvi, ankangoyang'ana fomu yanga. Anzake atamaliza, analankhula m'Chichewa.

"Kwanu ndi ku Domasi, kumadimba kuja?"

"Inde, bwana."

"Ndinakuphunzitsa Sitandade 7. Anandisamutsa uli chigonere kunyumba. Mwendo uja unapola?"

Funso limeneli amalume sanandiphunzitse. Ndikanena zoona, koleji yapita, masatifiketi apita, mwinanso ntchito ya amalume.

"Unapola, bwana."

"Taimirira. Yenda mpaka pachitseko."

Ndinaimirira. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira. Mwendo wanga wakumanzere, umene sunadwalepo chibadwire, unalemera, ndipo ndinaukoka pasimenti paja monga ankaukokera achimwene masiku awo omaliza. Sindinachitire dala, ndikulumbira. Ndinafika pachitseko thukuta lili kamukamu.

Bambo uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya anaona kuti nkhope si ija, kaya sanaone, sanandiuze. Analemba kanthu pafomu n'kunena motsitsa, "Ukawauze amayi kuti ndakuona ukuyenda."

Uthengawo sindinakafikitse. Ndinauza amalume okha, iwo anangovula magalasi n'kuwapukuta.

Patapita mwezi, amalume anabwera ndi envulopu kuchokera kupositi. Ndinali nditapeza malo. Ndinalumpha, ndinakuwa, ndinaiwala zonse. Amayi, amene sankadziwa kuwerenga, anapukuta manja pachitenje, anatenga envulopu ija n'kuyendetsa chala pamalemba a pamwamba.

"Apa alemba chiyani?"

"Dzina, amayi."

"Tawerenga."

Ndinayang'ana amalume, iwo anayang'ana pansi. Ndinaliwerenga. Kanali koyamba kuti lituluke m'kamwa mwanga pabwalo limenelo. Galu anadzuka, koma ulendo uno sanapite pakanjira. Anabwera kudzagona pamapazi anga.

"Bwerezanso," anatero amayi.

Ndinabwereza. Anapinda envulopu ija bwinobwino n'kuiika pachifuwa, misozi ili chuchuchu koma akumwetulira.

"Ndiye wapita kukoleji mwana wanga," anatero.

Ndaphunzitsa zaka zambiri, amayi anatisiya kalekale, ndipo sindinawafunsepo kuti ankanena mwana uti.