Beseni la Mai Tabeth

Mai Tabeth anabwera ku Mkanda kuchokera ku Phalombe ali mtsikana, pa lole ya matenanti, atauzidwa kuti ndi ulendo wa chaka chimodzi. Mwamuna amene anabwera naye anagona kale kumanda a paesiteti, ana anakula, koma iwo akadali m'fodya momwemo. Ndi mayi wodera nkhawa chilichonse. Mvula ikachedwa amadandaula, ikafika amasuzumira kumwamba kuona ngati muli matalala. Akatseka chitseko amabwereranso kukachigwedeza.

Munthu wotereyu ndi amene anasungitsidwa kabokosi.

Kachipatala ka kuderali kali m'chigwa momwe foni sigwira. Bungwe lina linabweretsa timabokosi ta wailesi n'kutikweza pamitengo italiitali, kalikonse ndi sola yake: kena pachipatala, kena pafupi ndi chigafa cha fodya cha Mai Tabeth, kena pasukulu, mpaka kukafika pamtunda pomwe pali netiweki. A Kelvin, katswiri wa bungwelo, anawafotokozera Mai Tabeth ataima pansi pa mtengo wa pachigafa chawo.

"Timabokositi timalonjerana, mayi. Kalikonse kamafuula kuti ndili pano, anzake n'kumva. Kenaka timauzana kuti kudzera kwa ine n'kufupi, kudzera kwa uje mawu akumveka motsika. Uthenga ukachoka kuchipatala umadumpha kuchoka pa kabokosi aka kupita pa kena, ndipo njira timasankha tokha. Kena kakafa, tinato timapeza kwina kodzera."

"Ndiye kangaka kakafa ine ndilibe mlandu?"

"Mulibe. Uthenga udzadzera kwa a Mayeso."

A Mayeso ali ndi golosale m'malire mwenimweni. Khonde lili ku Malawi, koma mtengo wa kabokosi unazikidwa kuseri, pafupi ndi chimbudzi, ndipo chimbudzicho aliyense amadziwa kuti chili ku Zambia.

Tsiku lotsegulira ntchitoyi kunabwera bwana wina wa kuboma. Atayankhula, n'kuthokoza aliyense amene anafunika kuthokozedwa, anamuonetsa pa laputopu mapu a njira za uthenga. Anawayang'ana nthawi yayitali, chala chili pa mzere umodzi.

"Uwu ukupita kuti?"

"Kwa a Mayeso, bwana, kenaka ukubwerera kusukulu."

"Ndiye kuti uthenga wa odwala athu ukutuluka m'dziko n'kulowanso? Wadinda ndani?"

A Kelvin anati timabokosito sitidziwa malire, timangomva kumene mawu akumveka bwino. Bwanayo anati vuto lake n'lomwelo. Analamula kuti kabokosi ka kwa a Mayeso kazimitsidwe kaye mpaka komiti ikhale pansi. Waya anazulidwa pa batire tsiku lomwelo. Komitiyo mpaka lero ikufunafuna tsiku labwino.

Motero njira inatsala imodzi, yodzera pachigafa cha Mai Tabeth. Ndipo zinachitika m'chaka chomwe mwana wawo Ireen anali woyembekezera, miyendo itatupa, magazi akuthamanga. Namwino wa pachipatalapo, Mai Esther, ananeneratu kuti matenda akadzayamba sipadzakhala zoyembekezera, adzaitana ambulansi kuboma. Kuitanako n'kodzera pa kabokosi kaja.

Mai Tabeth anasiya kudya bwino. Kabokosiko kali ndi kanyali kobiriwira kunsi kwake, ndipo iwo ankakasuzumira popita kumunda, pobwera, ndi pakati pomwe. Anathamangitsa akhwangwala, anathira phulusa patsinde poopa chiswe, anakangana ndi mnansi chifukwa cha mbuzi yomwe inadzikanda pamtengopo.

Kenaka masana ena kunagwa matalala. Matenanti anzawo ankalirira fodya wobooka, iwo ankayang'ana kabokosi ka pulasitiki kakugogodedwa. Mvula itangokata anatenga makwerero a m'chigafa ndi beseni lawo lachitsulo lochapira, anakwera okha, n'kulivundikira pa kabokosiko mpaka linaphimba ndi tinyanga take ta wailesi tomwe. Analimanga ndi waya. Atatsika anasuzumira kunsi: kanyali kanali kakuyakabe. Tsiku limenelo anadya.

M'mawa mwake Ireen anayamba kumva mutu ndi msana. Anamutengera kuchipatala pa njinga. Mai Esther anamuyeza, nkhope yawo inasintha, analemba uthenga pa foni. Uthengawo unangokhala.

"Chiyambire dzulo mauthenga sakutumizika, ndimati ndi mvula. Amake Ireen, kabokosi kanu kakuyaka?"

"Kakuyaka, anesi! Ndakaona ndi maso angawa."

"Ka panoka sikakumva mnzake aliyense."

Ireen anabuula pabedi. Kukwera kumtunda kukasaka netiweki kunali kutali, msewu uli matope okhaokha. Kwa a Mayeso kunali kufupi. Mai Tabeth, amene sanaphwanyepo lamulo ngakhale laling'ono, anapalasa njinga kulowera kumalire.

Anawapeza a Mayeso akupima shuga pakhonde.

"Achimwene, lumikizani waya uja."

"Iii, amake Ireen, mukufuna ndikagone kupolisi? Bwana uja analoza ine ndi chala."

"Mwana wanga akufa uko!"

"Ndiye akadzafunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzati ndine. Mudzati ndinakuopsezani ndi mpini."

A Mayeso anawayang'ana mayi wowondayo, matope mpaka m'mawondo, anapukuta manja. Anazungulira kuseri, ku Zambia, n'kulumikiza waya pa batire. Kanyali kanayaka kofiira, kanayamba kuphethira.

"Bwanji kakuchedwa?"

"Kakupereka moni kaye. Mwaiwala? Miyezi yonseyi sikanaonane ndi anzake, mukufuna kangoyamba ndi nkhani?"

Mai Tabeth sanaseke. Anagwira mtengowo ndi manja awiri ngati akukathandiza. Kanyali kanaphethira, kanaphethira, kenaka kanasanduka kobiriwira. Ka kuchipatala kanali katamva mnzake, ka kusukulu katavomera, njira itapezeka. Uthenga wa Mai Esther unatuluka m'dziko n'kulowanso osadinditsa paliponse.

Ambulansi inafika dzuwa likupendeka. Ireen anachira kuboma, mwana wamkazi, wochepa thupi koma wolira mokwanira.

Patapita masiku a Kelvin anabwera kudzaona chimene chinapha kabokosi ka pachigafa. Anaima pansi pa mtengo, anayang'ana kumwamba, anavula chipewa.

"Mayi, beseni ili ndi la ndani?"

"Ndimakateteza ku matalala."

"Mwakateteza ndithu. Chitsulo chimatchinga mawu. Kanali moyo, kakufuula m'beseni kokhakokha."

Mai Tabeth anakhala pansi pomwepo, m'matope. A Kelvin anatsitsa beseni n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mu lipoti lawo analemba kuti njira ina itatsekeka, timabokosi tinapeza ina tokha, monga mwa mapangidwe ake. Kuboma anasangalala nalo lipotilo, ndipo akuti linawerengedwa pamsonkhano.

Waya wa kwa a Mayeso sanazulidwenso. Iwo anangomata kanyaliko ndi kachidutswa ka tepi kuti alendo asamafunse. Mai Tabeth tsopano amachapira matewera m'beseni lija, ndipo galimoto iliyonse ya boma ikamveka kumsewu amaimirira, kupukuta manja, n'kumupereka mdzukulu kwa amake, poti mwina abwera kudzawatenga pa mlandu wotumiza uthenga kunja.