Kukalandira Limbani wochokera ku Japan

Ndinanyamuka ku Wolverhampton Loweruka m'mawa, kamvula ka kuno kaja kakungolavula, mphepo ikuluma makutu. Ndinkapita ku bwalo la ndege la Birmingham kukalandira Limbani, mwana wa mlongo wanga, amene anakhala chaka chonse ku Japan akusewera mpira. Mayi ake ndi namwino ndipo tsikulo anali pa shifiti, choncho uthenga anandipatsira pafoni: "Achimwene, mukamuuze mwanayo kuti za mpira zatha. Lolemba ayambe ku weyahausi kwanuko." Malo m'nyumba yosungira katunduyo ndinali nditamupempheradi kwa abwana, mlongo wangayo atandiumiriza, koma mtima wanga unkakana. Ine ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, kumeneko, digiri yanga ikuchita nkhungu m'sutikesi. Sindinkafuna kuti mwana amene ndinkamuperekeza ndekha kumabwalo amatope a ku Bilston adzaime pambali panga atavala jekete yachikasu.

Sitima yopita molunjika ilipo, koma ndinakwera tiramu, kasitima ka mumsewu koima paliponse, mapaundi asanu osakwana, kuti ndipeze nthawi yokonza mawu. Ndinkati ndikamuuze kuti asataye mtima, matimu ang'onoang'ono kuno ndi mbwee, akayese mwayi, chakudya ndi pogona zili kwa ine. Za mayi ake ndithana nazo ndekha.

Timu yake inali ya ligi yachitatu, ya m'katauni ka asodzi komwe dzina lake lilime langa linalephereratu. Chaka chimenechi ndinachionera pafoni m'mamawa ndisanapite kuntchito, ndipo sindingachifunire ngakhale mdani wanga. Anayamba ndi kugonja, napitiriza ndi kugonja. Kochi amene anamutenga Limbani anachotsedwa pakati pa chaka, watsopanoyo n'kumukhazika pabenchi. Atayamba kumulowetsa, mnofu wa ntchafu unakoka. Pamasewero omaliza ankangofunika kufanana mphamvu basi kuti apulumuke, koma anawachinya mpira utatsala pang'ono kutha, timu n'kutuluka mu ligi.

Pa Wednesbury panakwera mai Phiri, mayi wa ku Chipata amene timapemphera naye, atanyamula zikwama zokagulira nsomba zouma ku West Bromwich. Asanakhale n'komwe pansi anayamba.

"A Banda, mwapita kukalandira wa ku Japan uja? Tinamuona pa vidiyo, ali kuwerama ngati wataya ndalama mu udzu."

Ankanena vidiyo imene inazungulira pa gulu lathu la kutchalitchi. Ku Japan timu ikagonja, osewera amandanda kutsogolo kwa ochemerera n'kuwerama, kupepesa. Tsiku lotuluka mu ligi anawerama nthawi yaitali zedi, Limbani ali kumapeto kwa mzere, wakuda yekha, wosavuta kumuloza.

"Musadandaule," anatero mai Phiri akuseka. "Za ku Japan zimabwera zitagwirako kale ntchito, ngati magalimoto aja, koma zimayenda ndithu."

Ndinasekako, poti ndi mayi wamkulu. Mumtima ndinatukwana mpaka anatsika. Anthu athu, ine! Mwana akamapita kunja amapempha jezi, akagwa amapempha vidiyo.

Ku siteshoni ya New Street, pakati pa Birmingham, ndinafika dzuwa likanayenera kukhala litakwera, likanakhalapo. Ndinagula tiyi ndi kasoseji kokulunga mu buledi, mtengo wake wa nkhuku yathunthu kwathu, n'kukwera sitima ya ku bwalo la ndege. Moyang'anana nane munakhala mzungu wachikulire atakulunga sikafu ya timu ina yosadziwika, akupita kukaionera kutali. Anandiuza mokondwa kuti timu yakeyo sinapambane chiyambire kuzizira.

"Ndiye mukuvutikiranji?" ndinamufunsa.

"Nanga Loweruka ndipite kuti?" anatero, n'kuluma sangweji yake.

Ndinamuchitira nsanje mkuluyo. Iye timu ikagonja amabwerera kunyumba, penshoni yake ili chikhalire. Kugonja kumakoma kwa amene sadyera pamenepo.

Kuchokera pasiteshoni pali kasitima kopanda dalaivala kokafikitsa kumalo odikirira, kaulere, chinthu chokhacho chimene sindinalipire tsikulo. Ndege inachedwa. Ndinaima pakati pa amwenye onyamula maluwa ndi madalaivala onyamula zikwangwani, ndikubwereza mawu anga ngati mwana wa kalasi ya ubatizo.

Limbani anatuluka cha kumasana, atawonda, chikwama chimodzi chokha. Anandikumbatira. Tinakhala pabenchi, ine ndikufunsa m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi monga amachitira ana obadwira kuno.

"Anakuzunza kodi anthu amenewa?"

"Ayi, Ankolo. Bola akanatero."

Anandifotokozera mmene anamuchotsera. Anamuitanira ku ofesi, n'kumupatsa tiyi. Mkulu wa timu, bambo wa imvi, anaimirira n'kumuweramira, womasulira akunena kuti zikomo chifukwa cha thukuta lanu, timu ilibenso mphamvu yosunga osewera akunja. Anamupatsa maluwa. Tsiku lonyamuka ochemerera anabwera kusiteshoni ndi ng'oma yawo, amayi ena akulira, akuimba dzina lake, munthu amene chaka chonse anagoletsa kamodzi.

"Palibe ananditukwana, Ankolo, ngakhale mmodzi. Ndinasowa woti ndimukwiyire."

Apa ndinapsa mtima zenizeni. Kwathu akanagenda basi ya timu, akanamutchula mayina onse, iye akanabwera ndi ukali wofuna kuwaonetsa. Awa anamuchotsa mwaulemu mpaka kumuchotsa ndi ukali womwe.

Ndinayamba mawu anga aja: matimu a kuno, kukayesa mwayi, chipinda cha kwanga. Anandisiya ndifike pakati, kenaka anandigwira dzanja.

"Nsapato za mpira ndinasiyira ana a kumeneko. Mami ananditumizira uthenga ndili m'njira. Lolemba timalowa nthawi yanji?"

Kani mlongo wanga sanandikhulupirire, ndipo sanalakwitse. Ndinamuyang'ana mnyamatayo kufuna kuona ngati angalire, kuti mwina ndipezepo pogwira. Nkhope inali phee.

"Sikisi koloko," ndinatero. "Koma salola kulowa opanda nsapato zachitsulo kutsogolo."

Pobwerera tinakwera sitima yolunjika, poti panalibenso mawu oti ndikonze. Iye anagona tisanafike ku Smethwick, mutu uli pawindo. Ulendowu unandiphunzitsa kuti ndinanyamuka kukalimbana ndi mlongo wanga pa nkhondo imene inatha kale kutsidya kwa dziko, ine kulibe.

Titatsika ku Wolverhampton sitinapite kunyumba. Tinalowa m'sitolo ya zovala zogwirira ntchito, chikwama cha ku Japan chikukwekwereka kumbuyo. Wogulitsa anatulutsa nsapato zakuda, zolemera ngati njerwa, n'kufunsa saizi. Ndinayankha ndine Limbani asanatsegule pakamwa, chifukwa nsapato zake zonse za mpira, kuyambira zoyambirira, ndinkagula ndine.