Khofi si mphale

Mlamu wanga a Custódia, a ku Namacula, sauzidwa za mtondo. Anakulira ku Lione, anayamba kukonola chimanga asanadziwe n'komwe kulemba dzina lawo, ndipo mpaka lero akagwira munsi enafe timangokhala chete. Amuna awo, achimwene anga a Osório, anayendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, zaka makumi awiri ndi zisanu. Chimene anatsala nacho atapuma ntchito ndi msana wopweteka ndi khofi wa m'mawa.

Ndiye khofiyo anayamba kuwaotcha pamtima. Akamwa kapu imodzi, tsiku lonse dzanja lili pachifuwa. Mwana wawo Flávia anaimba foni kuchokera ku Nampula, amvekere yesani kuviika khofiyo m'madzi ozizira osawiritsa, ena akuti wotere sawavuta. Achimwene anati ayesa, zikakanika asiyiratu. Ine zinandikhudza, chifukwa munthu ameneyu mowa samwa, fodya sasuta. Mukamulanda khofi mwamusiyira chiyani?

A Custódia atangomva mawu akuti kuviika, zotsalazo sanazimverenso. Anakazinga khofi, kusinja, kusefa, kusinjanso, mpaka anasalala ngati ufa woyera. Kenako anamuviika m'botolo masiku atatu athunthu, monga timachitira ndi mphale. Zimene zinatuluka m'botolomo, abale inu, matope akuda bii, owawa, fungo lake losasa. Achimwene analawa, n'kubweza kapuyo mwaulemu.

"Mwavutika, mayi a Flávia. Tiyi alipo, ndizimwa ameneyo."

Mlamu wanga anandiitanitsa ine, ndipo poti sindidziwa kubisa mawu ndinawauza kuti khofi si mphale. Anandiyang'ana moipa, koma tsiku lomwelo anatsuka mabotolo atatu. M'loyamba anathira wosalala, m'lachiwiri wapakatikati, m'lachitatu wongophwanya ngati misere. Wachitatuyu ndi amene anawapweteka mtima. Kusiya munsi ntchito isanathe, kwa iwo n'chimodzimodzi kutuluka m'nyumba osasesa.

"Anthu akaona aziti Custódia wakalamba," anadandaula choncho.

Ndinati palibe amene amasuzumira m'botolo la mnzake.

Wosalala uja ankadutsa pansalu yosefera, n'kusiya mchenga pa lilime. Wamisere ankatuluka woyera bwino, koma atamuchotsa patangotha maola asanu ndi limodzi anali madzi enieni. Anawonjezera nthawi pang'onopang'ono sabata yonse. Unali mwezi wa Juni, ndipo ndi kuzizira kwa ku Lichinga kuno khofi amachedwa kutulutsa mphamvu. Anapeza kuti akaviika titangodya masana n'kusefa m'mawa mwake, ndi pamene akukhala bwino. Nthawi yotentha, akuti, kuviika dzuwa likamalowa kumakwana.

Lachiwiri lake anapereka kapu kwa achimwene, atathiramo madzi pang'ono. Ine ndinali pomwepo, ndikunamizira kusankha nyemba. Achimwene anamwa theka, kuima, kumaliza. Anaika kapu pansi. Anapita kuseri kukapalira mbatata yawo ya kachewere, ife tikungowayang'anira dzanja lija.

Anabwera dzuwa lili pamutu, khasu paphewa, akuimba mluzu. Anasamba m'manja, kenako anaima pakhomo la khitchini ngati mlendo.

"Mayi a Flávia, uja watsalako?"

A Custódia sanatembenuke n'komwe, koma ine ndinawaona akumwetulira.

"Wamawa ali m'madzi, bambo. Dikirani, ameneyu sathamangitsidwa."