Paudala wa ku Tsoka

Ofesi yathu inali m'gulu la omaliza kusamuka ku Zomba. Anzanga anafika ku Lilongwe ndi mipando ndi mapoto, ine ndinaonjezapo chipsera pa bere lamanzere, pomwe madokotala anachotsa chotupa cha khansa. Anandilangiza kuti chaka chilichonse ndizikajambulitsa mawere pa makina, aone ngati matendawo sakubwerera. Tsikulo linakwana ndisanazidziwe n'komwe njira za mumzinda uno.

Ndinanyamuka ku Area 18 dzuwa litakwera kale. Minibasi inali ya makwacha makumi atatu, ndipo kondakitala anatithithikiza anayianayi pampando. Pa City Centre ndinadabwa: nyumba yaitali apa, tchire, kenako ina uko. Bambo wina wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma, anandiyang'ana n'kuseka.

"Amayi, ndinu a ku Zomba eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Maso anu akusakasaka phiri. Kuno kulibe, tonse tinayamba choncho."

Ndinatsika ku Old Town pafupi ndi mlatho cha m'ma teni, thukuta lili kamukamu. Mayi anga ankati mkazi wonunkha thukuta savula pamaso pa anthu, ndipo mawu amenewo ndinakula nawo. Ndinalowa mumsika wa Tsoka n'kugula kabotolo ka paudala. Mayi wina wogulitsa kaunjika ananditchingira chitenje kuseri kwa benchi yake.

"Thirani wambiri, asisi," anatero. "Madokotala nawonso ali ndi mphuno."

Ndinathira mosaumira, m'khwapa ndi pachifuwa ponse. Ndinagulanso zitumbuwa ziwiri, n'kumadya poyenda.

Kuchipatala ndinafika masana. Makina ake amapana bere pakati pa timbale tiwiri, moti umakumbukira machimo ako onse. Atatha, adokotala anaika chithunzi pa galasi lowala, pambali pa chakale chomwe ndinabwera nacho kuchokera ku Zomba. Kenako analoza timadontho toyera pafupi ndi chipsera chija.

"Iti sitinali pa chithunzi chanu cha chaka chatha," anatero.

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi, yemwe anali Fomu 2, mumzinda momwe tinalibe wachibale ndi mmodzi yemwe.

Namwino amene ankandipatsa bulauzi anaima, n'kuikutumula. Kunatuluka fumbi loyera.

"Amayi, mwadzola chiyani?"

"Paudala. Ndimati ndisakunyanseni."

"Mayo ine! Ameneyu pa makina amaoneka ngati matenda. Sanakuuzeni kuti musadzole kanthu?"

Mwina ku Zomba anandiuza, koma mawu a mayi anga ndi amene anakhala m'mutu. Anandipatsa sopo ndi beseni, ndinasamba, makina aja anandipananso. Ulendo uno sindinadandaule n'komwe.

Adokotala anayang'ana chithunzi chachiwiri, anachiyerekeza ndi chakale, kenako anamwetulira.

"Palibe chatsopano, mayi. Tionane chaka chamawa, koma mudzabwere ndi thukuta lanu."

Pobwerera ndinadzeranso ku Tsoka kukauza mayi wa kaunjika uja. Anaseka mpaka kugwira benchi, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti makinawo ali ku chipatala chiti, poti mng'ono wake ali ndi kotupa komwe akubisa. Ndinamulongosolera njira yonse, ine mlendo wa dzana.

M'minibasi ya madzulo tinapanikizananso anayianayi, fungo la thukuta lili thoo, ine mtima uli mbee. Tinafika ku Area 18 ndisanakumbuke zoyang'ana phiri.