Ola Limene Ba Mubiana Anabadwa

Akulu anga Ba Mubiana ndi munthu wa luso m'manja. Asoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Maramba zaka khumi ndi ziwiri, ndipo galimoto amayendetsa bwino kuposa madalaivala ambiri a minibasi za ku Dambwa. Chinawasokoneza ndi foni. M'menemo anapezamo maphunziro a nyenyezi, ndipo kuyambira pamenepo sagula ngakhale ulusi asanafunse kumwamba.

Njira zodziwira nthawi yabwino akuti zilipo zitatu, ndipo anandiphunzitsa zonse ine osapempha. Yoyamba umaona pamene nyenyezi zili lero n'kuyerekeza ndi pamene zinali tsiku lako lobadwa. Yachiwiri, tsiku lililonse la ukhanda wako limaimira chaka chimodzi cha moyo. Yachitatu musandifunse, ndinali nditatopa. Chonditopetsa kwambiri n'chakuti njirazi sizimvana. Ina ikati pita, inzake imati khala pansi.

Mwezi watha Ba Chisanga, amene amanyamula alendo kupita nawo ku mathithi, ankafuna dalaivala. Anati malowo awasungira mpaka Lachisanu m'mawa. Ntchito yoti munthu wakhala akuilota moyo wake wonse! Lolemba akulu angawo sanapite, akuti mwezi unali poipa. Lachitatu njira ziwiri zinakangana.

"Ba Mubiana, muyembekeza chani kansi?" ndinawafunsa. "Nchito siyembekeza munthu!"

"Iwe siuziba," anatero. "Nikaziba chabe ola yamene ninabadwa, vonse vizagwirizana."

Lachisanu m'mawa, m'malo mopita kwa Ba Chisanga, anandikoka mpaka ku Dambwa North kwa amayi athu. Ananyamula khadi lawo lakale la ku sikelo, pamene panalembedwa tsiku lobadwa.

Amayi analiyang'ana khadilo nthawi yaitali.

"Ola?" anatero. "Mwana wanga, olo siku iyi si yako. Iyi kadi ni ya Kalaba, mukulu wako wamene anafa na miyezi isanu. Yako inaonongeka na mvula, manje ku sukulu benze kufuna pepa. Tinafuta chabe zina yake, talembapo yako."

"Nanga ine ninabadwa liti, Ba Mami?"

"Yenze nthawi ya mango. Mwezi sinikumbuka."

Zaka ziwiri munthu wamkulu ndi ndevu zake akuwerengera masiku a khanda lomwalira! Tinathamanga ngati otsatidwa ndi njuchi, koma tinafika dzuwa lili paliwombo. Ba Chisanga anangotambasula manja.

"Nakuyembekezani wiki yonse, Ba Mubiana. Makiyi napasa munthu wina."

Mawu okalipa ndinali nawo, ndinawakonza sabata yathunthu. Koma akulu angawo anakhala pansi m'mbali mwa msewu, khadi lija lili m'manja, n'kumaona galimoto ikutuluka ndi alendo ake.

"Luyando," anandiitana, "iwe uziba kwamene kuli manda ya Kalaba?"