Ngongole Yathu, Firiji Yanga

Achemwali anga sankatha kunena kuti "changa." Chilichonse chinali chathu: mpando wathu, ambulera yathu, ngakhale dzino likawawawa ankati dzino lathu lija layambanso. Tinkawaseka, iwo osasintha.

Ntchito yawo inali yogulitsa ayisi. Pakhonde la kuseri anali ndi firiji yaikulu yogona, ya chivundikiro chosagwira, moti ankachipsinja ndi njerwa. Ankathira madzi m'timapepala tapulasitiki n'kuumitsa, m'mawa ogulitsa nyama ndi zakumwa n'kumabwera ndi zidebe. Zala zawo zinali zong'aluka chaka chonse. Firiji imeneyo ndi imene inkalipirira ana sukulu, ndiponso ndi imene inkadyetsa alamu anga, dalaivala amene ntchito zinkamuthera m'manja ngati sopo.

Alamu atatopa kuyendetsa galimoto za eni, anakatenga ngongole kuti agule yawo. Achemwali anasainira nawo, ati ndi galimoto yathu. Ine ndinawaonamo kamodzi kokha, atakhala kumbuyo. Mpando wakutsogolo unali utapeza kale mwini wake, mtsikana wa pasaluni, ndipo banja linathera pomwepo.

Tsiku la kukhoti alamu anatipeza pabenchi panja, atavala jekete, nkhope ili yakugwa.

"Amake mwana, tisachititsane manyazi mkatimu," anatero. "Za ngongole musadandaule, ndilipira ndekha. Inu muzingovomera."

Ndinawatsina achemwali pantchafu. Anandichotsa dzanja.

Mkati woweruza anafunsa kuti, "Mayi, ngongole ya galimotoyi ndi ya ndani?"

"Ndi yathu, bwana."

Achemwali sanaganize n'komwe, pakamwa panangoyankha mmene panazolowerera. Woweruza anati ndiye ngongoleyo ikhale ya onse awiri, galimoto ikhale ndi woiyendetsa kuti azipezera ndalama zobwezera. Pa nkhani ya ndalama yothandizira mwezi ndi mwezi, alamu anadandaula kuti galimoto siikubweretsa kanthu, koma mwa chifundo chawo akuwasiyira mayiwa firiji yonse, iwo sadzaikhudzanso. Munthu kukupatsa firiji yako yomwe! Achemwali anatuluka akuthokoza.

Ine ndinawakalipira msewu wonse. Kufika kunyumba ndinayamba kuwaphunzitsa ngati mwana wa kumkaka.

"Achemwali, tanenani kuti yanga. Firiji yanga."

"Iwe, ndisiye," ankatero akuseka, mawu oti yangawo osawatchula.

Alamu sanalipire ngakhale mwezi umodzi. Foni yawo inasiya kupezeka, nyumba imene ankachita lendi tinaipeza muli anthu ena, galimoto ndi mtsikana wa pasaluni zonse zii. Obwereketsa ndalama sanavutike kusaka munthu wosowa. Anabwera kwa amene khomo lake ankalidziwa, amenenso anasainira nawo.

Anafika m'mawa ndi lole, wogulitsa nyama ali chiimire ndi chidebe chake. Mkulu wawo anali bambo waulemu, wolankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinandinyansa kwambiri. Anazungulira pabalaza, osapeza chomusangalatsa, kenako anatulukira pakhonde la kuseri.

"Mayi, ife sititenga katundu wa eni nyumba kapena wobwereka. Firiji iyi ndi ya ndani?"

Achemwali anandiyang'ana. Anaongoka, n'kuika dzanja pachivundikiro, pafupi ndi njerwa ija.

"Ndi yanga."

Anayankha momveka bwino, mosanjenjemera. Kunali kuyamba kumva mawu amenewo akutuluka pakamwa pawo.

"Ndiye palibe vuto," anatero bambo uja. "Tazulani pulagi."

Ayisi yense anamukhuthulira pasimenti, njerwa n'kuiika bwinobwino pakona. Wogulitsa nyama anachoka osatsanzika. Lole itapita, pamene panali firiji panatsala malo oyera, ndipo madzi anayamba kuyenderera kulowera kukhitchini. Ine ndinkatukwana alamu mokweza, misozi ili mbwee, osasamala kuti aneba akumva.

Achemwali sanalire. Anapinda manja a bulauzi n'kugwada pasimenti.

"Tenga beseni, iwe," anandiuza. "Ayisi wathu akusungunuka."