Chalimbana wolembedwa kuti CG7

Lachisanu lapitali ndinaitanidwa kusukulu ina ya sekondale yoyendera, cha kwa Mlonyeni uku, kuti ndikakhale woweruza pa tsiku limene ana amaonetsa makolo zomwe aphunzira. Kalata yondiitana inanditchula kuti "katswiri wa zaulimi". Ndinaiwerenga kawiri. Ine ukatswiri wanga wonse ndi zaka zimene ndinakhala pa sikelo ndikugula mtedza wa alimi, ndisanayambe zolembalembazi. Ndiye munthu akandikweza chonchi, ine mtima sukhala m'malo, ndimayamba kufunafuna chimene akufuna kuti ndisaone.

Ndinapitabe, panjinga yanga yakapalasa.

Nditafika ndinapeza miyala ya m'mbali mwa njira itapakidwa laimu, laimuyo asanaume bwino. Ahedi, bambo wamtali wovala jekete pomwe dzuwa likuswa mtengo, anandigwira dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya.

"Mwatilemekeza, achikulire," anatero. "Mukalembe bwino za ife. Ana athu akuchita zodabwitsa."

Ndisaname, ana anayesetsa. Kwaya inaimba mpaka amayi ena kuimirira. A Fomu 4 anachita mtsutso m'Chingerezi chosapunthwa, ndipo a Fomu 2 anaonetsa mbaula yadothi yosatha nkhuni. Ndinkagwedeza mutu n'kumalemba malikisi, mpaka tinafika pa tebulo la zaulimi.

Patebulopo panali lichero lodzaza ndi mtedza wosaswa, wamakoko akuluakulu, wosangalatsa m'maso. Pambali pake anaimika katoni yolembedwa ndi inki yakuda kuti: "CG7, wolimidwa ndi a Fomu 3 m'munda wa sukulu." Kuseri kwa tebulo kunaima mtsikana wina wowonda, dzina lake Tadala, ndipo pafupi naye panali aphunzitsi a zaulimi, a Mbewe, manja ali kumbuyo. Ahedi anandinong'oneza kuti wopambana patebuloli ndi amene akaimire sukulu pachionetsero cha kuboma mwezi wamawa, ndipo onse maso ali pa mtsikanayu.

Tadala anayamba kufotokoza. Mawu ankatuluka bwinobwino, koma maso ake anali pa katoni, osati pa ine, osatinso pa mtedza.

Dzanja la munthu wa pa sikelo silimva kuletsa. Ndinatola kamodzi n'kukaswa ndi chala chachikulu. M'katimo munatuluka njere ziwiri zonenepa, zotuwira. Ndinaswa kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzinso.

Inu a m'tauni amene mtedza mumaudziwira m'kapepala utakazingidwa kale, ndikuuzeni. CG7 khungu lake ndi lofiira. Wotuwira, wanjere zikuluzikulu uja ndi Chalimbana, amene makolo athu akhala akulima kuno kuyambira kale. Ku Mchinji kuno ngakhale mwana woti sanayambe sukulu sangasokoneze awiriwa. Amene anakonza tebulolo anawerengera chinthu chimodzi chokha, chakuti mlendo wolemekezeka saswa mtedza, amangouyang'ana n'kuwomba m'manja.

Ndinatambasula chikhatho kuti a Mbewe aone.

"Aphunzitsi, CG7 wanuyu bwanji watuwa?"

"Ndi dzuwa limenelo, bwana," anayankha osaphethira n'komwe. "Ukauma kwambiri umasuluka."

"Nanga kunenepaku? N'dzuwanso?"

A Mbewe anaseka, ahedi anaseka, makolo awiri atatu amene anali pafupi anayang'ana kumbali. Tadala yekha sanaseke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati likufuna kugwa.

Ndinapempha kuti andionetse munda wa sukuluwo. Ahedi anati uli patali, panjira pali chitedze, komanso mpunga ukuzizira. Zifukwa zitatu pa pempho limodzi! Ndinangoti chabwino, kenako ndinafunsa njira ya kuchimbudzi. Munda wakutaliwo ndinaupeza kuseri kwa zimbudzi zomwezo, ndipo chitedze sindinachione.

Mtedza unali momwemo, wosakumba n'komwe. Mapesi ake anali ofupikitsitsa, masamba opiringizika, achikasu. Mlimi aliyense akanangoona kamodzi n'kudziwa kuti ndi kadukutu, matenda aja amene amapinimbiritsa mtedza. Ndinazula phesi limodzi ndipo ndinapezako timakoko titatu, tiwiri mwa ito topanda kanthu. Kachitatuko nditaswa, munali kanjere kofiira. CG7 weniweni anali ameneyu.

"Bambo, akuti mubwere mudzadye."

Anali Tadala, atatumidwa kudzanditenga. Maso ake anagwera pa phesi limene linali m'manja mwanga.

"Mwanawe, mtedza uli patebulo uja wachokera kuti?"

Anayang'ana kumbuyo kaye. "Kumunda kwa ahedi, ku Chiosya. Unabwera dzulo pangolo."

"Nanga iwe sukudziwa kusiyana kwa Chalimbana ndi CG7?"

"Ndikudziwa, bambo. Ndinawauza a Mbewe kuti katoniyo tilembe Chalimbana basi. Anati ayi, mbewu imene sukulu inalandira ndi CG7, ndiye kuboma akufuna kumva za CG7."

Kenako anapisa dzanja m'juzi n'kutulutsa kope lopindika, lakuda ndi dothi m'makona. Sindinamupemphe. Ndikuganiza kuti anali atayenda nalo tsiku lonse akudikira wina woti amufunse.

Abale anga, kope limenelo ndi chinthu chabwino koposa chimene ndinaona tsiku lonselo. Mtsikanayu ankalemba sabata ndi sabata zimene ankaona m'mundamo. Analemba kuti iwo anabzala mu Januwale sukulu itatsegulidwa, pomwe mayi ake kunyumba anali atabzala ndi mvula yoyamba, ndipo wa mayi akewo sunadwale. Analemba tsiku limene anayamba kuona nsabwe zofalitsa kadukutu kunsi kwa masamba, n'kuzijambula ndi pensulo. Anaonanso kuti mizere iwiri ya kumapeto, imene anzake aulesi anabzala mothithikana pofuna kumaliza mbewu msanga, ndi imene inapirirako. Pamapeto pake analemba funso, n'kulidula mzere kunsi: kodi sitingabzale mu Disembala, anzathu okhala pafupi n'kumabwera kudzapalira patchuthi?

"Bwanji sunaliike patebulo?"

"Anati ndisalitulutse. Akuti alendo sakonda kuona zolephera."

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe. Mwana waphunzira chinthu chenicheni, ndi maso ake, m'munda wake wolephera womwewo. Chimene waphunziracho amubisitsa m'juzi, n'kumuimika kuseri kwa mtedza wa ahedi kuti aloweze bodza.

Koma tisawaunjikire a Mbewe okha. Khalidwe limeneli ndi lathu tonse. Kukamabwera apongozi timabwereka mipando ndi mbale kwa aneba, ndipo palibe amene amadandaula, poti apongoziwo nawonso amachita zomwezo kwawo. Vuto ndi lakuti tazitengera kusukulu. Chiyambireni matipatewa alendo achuluka: lero a bungwe lakuti, mawa aphungu, mkuja azungu a kamera. Sukulu iliyonse yaphunzira kuti mlendo amabwereranso kumene anaona zowala. Ndiye mabuku amatuluka m'katoni tsiku la alendo n'kubwereramo galimoto yawo isanakhote. Chimbudzi chatsopano chimakhala chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa ahedi, kudikira tsiku loti wina adzachijambule. Inu simunazionepo zimenezi kusukulu ya kwanuko?

Ndiye chaka chikamatha timadabwa tikamva kuti ana agwidwa ndi likasa, timapepala toonera tija, m'chipinda cha mayeso. Timati ana a masiku ano alibe mwambo, ufulu wawapweteka. Anawaphunzitsa ndani kuti chofunika ndi chimene woweruza aone, osati chimene iwe ukudziwa? Mwana amene wauzidwa ndi mphunzitsi wake kuti aloze Chalimbana n'kunena kuti CG7, pamaso pa mayi ake omwe amalima mtedza, mudzamuuza bwanji kuti kubisa kapepala m'sokosi ndi tchimo?

Choipa china n'chakuti bodza limodzi linandiwonongera tsiku lonse. Pobwerera kubwalo ndinayamba kukayikira chilichonse. Mbaula ija anaumbadi ndi a Fomu 2, kapena ndi mayi wina woumba miphika kumudzi? Chingerezi cha mtsutso chija chinali cha anawo, kapena analoweza zolemba aphunzitsi? Mwina ana amenewo anachita okha, ndi thukuta lawo, ndipo ndikuwalakwira. Koma sindingathenso kudziwa, ndipo wawalanda ulemu wawo si ine.

Tsopano mufunsa kuti nanga iwe wolongololawe unachitapo chiyani. Apa ndiye pondichititsa manyazi.

Ndinawakokera ahedi pambali n'kuwauza zonse zimene ndinaona. Sanakane. Anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Achikulire, mukunena zoona," anatero motsitsa mawu. "Koma mukatiyalutsa lero, alire ndani? Ine ndi a Mbewe tidzakhala pompano mawa. Amene adzatchedwe wabodza pamudzi ponse ndi mwanayu. Mayi ake ndi awo akhala kutsogolo apo, achoka m'mamawa wapansi. Ulendo wa kuboma ndi woyamba kwa mtsikana wa pasukulu pano. Muulande?"

Mwaona mmene amakumangira anthu ozolowera? Anamuika mwana patsogolo kuti aliyense wofuna kugenda bodzalo ayambe walasa iyeyo.

Ndinapempha kuti kope lija lipite nawo kuboma. Ahedi anati aona. "Tiona" wa ahedi ndimamudziwa, ndipo inunso mumamudziwa.

Ndinalemba dzina la Tadala pa nambala wani. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikupereka malikisi ku kope, osati ku lichero, koma zimenezo ndinkazidziwa ndekha. Papepala limene ndinasainira panalembedwa kuti wapambana chifukwa cha zokolola zabwino za CG7. Dzina lake litaitanidwa mayi ake anaimba nthungululu, anthu anawomba m'manja, inenso ndinawomba nawo. Amene ndinapita kukagwira bodza ndinabwerako nditalidinda ndi siginecha yanga.

Anthu atayamba kubalalika, ndikumasula njinga pamtengo, Tadala anabwera setifiketi ili m'manja. Sanabwere kudzathokoza.

"Bambo, ndifunse nawo. Kuboma kukakhala alangizi enieni a zaulimi. Akakaswa mtedza uja ngati mmene munachitira inu, ndikanene kuti ndi mtedza wanji?"

Ndinayang'ana kukhonde. A Mbewe anali pomwepo, akutiyang'anitsitsa. Ine bambo wa imvi zanga, amene ndimadzudzula nduna ndi aphungu patsamba lino sabata iliyonse, ndinamuyankha mwanayo kuti, "Ukafunse aphunzitsi ako."

Anangoti, "Chabwino, bambo," n'kubwerera.

Mwezi wamawa mtsikanayu akaima yekha kuseri kwa lichero, pamaso pa anthu odziwa mtedza kuposa ine. Akanena zoona, wayalutsa aphunzitsi amene ali nawobe chaka china chathunthu. Akanama n'kugwidwa, ahedi sadzakhalapo, ine sindidzakhalapo. Ine ndalephera kumuyankha. Inu makolo ndi aphunzitsi amene munawomba m'manja limodzi nane, tamuuzeni: akanene kuti ndi mtedza wanji?